Manda Awiri a Bambo Anga

Ana asukulu ankawatcha a Chotsala, chifukwa samu iliyonse yogawa bambo ankaimaliza ndi funso limodzi: "Nanga chotsala?" Anaphunzitsa masamu mpaka tsitsi kuyera, ndipo ankanyada kuti nambala salemba papepala. Ukalemba nambala ya foni pamaso pawo, ankakuyang'ana ngati waba. "Mutu anakupatsira chipewa chokha?"

Kunyada kumeneko n'kumene kunatipweteka.

Amayi anamwalira chaka cha kolera. Anawaika a zaumoyo, kumanda aakulu a mumzinda, ndipo wachibale analoledwa mmodzi yekha, bambo. Pamanda aliyonse ankazikapo kachitsulo ka nambala, popanda dzina. Atabwerako ndinawapempha kuti ailembe.

"Ndilembe ya chiyani? Mayi ako ali pamzere wa kumpanda, pa nambala yamakani. Siigawika ndi ina iliyonse, koma wani ndi iyo yokha. Yafanana ndi mwini wake."

Tinaseka, misozi ili m'maso.

Patapita zaka bambo anadwala sitiroko. Mwendo unachira, koma nambala ija inachoka m'mutu, kunangotsala mawu akuti yamakani. Ku ofesi ya manda anatiuza kuti mapepala a chaka chimenecho anadyedwa ndi chiswe. Ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndikadali wokwiya, kaya ndi chiswecho kaya ndi bambo.

Mzere wa kumpanda unkayambira 10,001 kulekeza 10,030. Bambo anakhala patebulo, natenga pensulo imene ankainyoza ija, n'kuyamba kugawa. Zogawika ndi thuu anazitaya, za fili nazonso. 10,001 inawavutitsa mpaka 73 inaigonjetsa. Zinatsala ziwiri, 10,007 ndi 10,009.

"Ndi imodzi mwa izi," anatero. "Koma iti, mwana wanga, sindinganame."

Achimwene anagula mwala wolembedwa dzina la amayi. Bambo anakana kuti tiuike mongoganiza, ndiye unangokhala kuseri kwa chitseko, titaufunditsa chiguduli. Loweruka lililonse ankakoka mwendo wawo uja kupita kumanda ndi kakhasu, n'kulambula manda onse awiri mofanana. Maluwa ankagula awiri. Nkhani za zidzukulu ankazikamba kawiri, kuti amayi asaphonye.

Tsiku lina anapeza pa 10,007 pali mwala watsopano wa mnyamata wina. Abale ake anali atasunga kakhadi ka nambala ya mandawo. Bambo anabwera akumwetulira koyamba chidwalireni. "Yatsala imodzi! Itanani mmisiri."

Tinapita ndi mwala wathu pawilibala, ine, achimwene, bambo ndi mmisiri. Pa 10,009 tinapezapo mayi wina atagwada, akuzula kaudzu.

"Pepani amayi, apa ndi pathu," anatero achimwene.

Mayiyo anatsegula foni n'kutionetsa chithunzi cha tsiku la maliro: iye ataima pambali pa dothi lofiira, kachitsulo kakuwerengeka bwinobwino. "Ndi amuna anga awa. Chiwaikireni ndakhala kutali kuntchito. Ndiye ndinu mwakhala mukulambula? Mulungu akudalitseni."

Bambo anayang'ana mzere wonse, tizitsulo tadzimbiri tili ndondondo m'udzu wofika m'mawondo, umene khasu lawo silinaukhudzepo.

"Ndiye kuti imagawika," anatero chapansipansi.

Mmisiri anafunsa kuti mwala autsitsire pati. Atawayang'ana bambo, anatembenuza wilibala.