Felemu Yanu Iyo, Alamu, Nyamulani

Amuna anga atamwalira, abale awo anagawana malaya, anagawana makasu, ine osawaletsa. Inatsala njinga, yakuda bii, yolemera ngati ng'ombe. Ndiyo miyendo yanga imeneyo: kuchigayo ndi iyo, kuchipatala ku Rufunsa ndi iyo.

Mvula isanagwe, uyo mng'ono wa malemu watsika basi ya ku Lusaka, nsapato zosongoka, foni m'manja. Munthu amene kumanda sanagwire ndi fosholo yomwe! Moni anapereka kwa ine, maso ali pa njinga.

"Alamu, njinga iyi ndi ya atate athu. Akulu anga anangobwereka."

"Kubwereka mpaka imvi, alamu? Mpaka m'manda?"

Akuti njinga zakale zili ndi nambala yodinda pachitsulo, nambalayo imaulula chaka chimene njinga inapangidwa. Akuti ku tauni zotere amazipachika pakhoma anthu n'kumazionera. Kupachika njinga, amayi ine, njinga yamoyo!

Anaitana amalume awo, mkulu wa banja, kuti aweruze. Tinaigadamitsa pabwalo. Alamu anatenga mpeni wanga wosendera mbatata, osapempha, n'kuyamba kupala munsi mwa chishalo. Penti yakuda, pansi pake yobiriwira, pansi pake dzimbiri, mpaka tinambala tinatuluka ndondondo ngati nyerere. Anadinadina foni, kenaka mano onse panja. Chaka chake, akuti, ine ndinali ndikali kumsana kwa amayi. Ndiye kuti ndi ya atate awo basi.

Ndinagwada pafupi ndi amalumewo.

"Apongozi, nambalayo ili pati?"

"Pa felemu, mayi."

"Pa gudumu ilipo?"

Anasuzumira. Palibe. Pa handulo? Palibe. Pa kaliyala? Palibe, palibe, palibe!

Kwathu kuno njinga siifa, timaisintha chiwalo chimodzichimodzi. Gudumu lakumbuyo ndinasinthanitsa ndi nshawa za m'munda mwanga. Kaliyala anandiwotcherera ku Chinyunyu m'mbali mwa msewu, inapita nkhuku yanga yoikira. Chishalo ndi cha mlongo wanga. Tcheni, mapedulo, belu, zonse thukuta la ine mwana wa eni.

Amalume anakanda ndevu. "Mphwanga, cha nambala ndi chako. Zopanda nambala ndi za mayiyu."

"Amalume, felemu yokha ndikatani nayo? Ku tauni afuna yathunthu!"

"Wabwera ndi foni ndiwe. Ifunse."

Ee, sipanala ndinagwira ndekha! Ndinamasula ndikuimba, natimasula, natimasula, gudumu uko, handulo uko. Akuti alamu tiyeni tikambirane, ine nyimbo. Akuti ndinu mfiti, ndinati ee, mfiti ya magudumu awiri. Chinatsala chigoba, mbee, ngati nthiti za mbuzi ya chilala.

"Felemu yanu iyo, alamu. Nyamulani, moni kwa a m'nyumba."

Anaikoleka paphewa, malaya oyera onse dzimbiri, ulendo wa kumsewu waukulu kukadikira minibasi. Madzi akumwa sindinawapatse, ndipo sindikupepesa.

Felemu ina ndinaipeza kwa wotentha malasha wa ku Shikabeta, yopindika ndi matumba. Tinamangirira zanga zonse pamenepo. Imakokera kumanzere njinga imeneyi, imakokera ndithu, ukaitayirira ikulowetsa m'thengo. Ine ndimangopendekera kumanja, chitenje m'chiuno, belu ngli ngli, nkhalamba ikudutsa!