Kumeneko Munthu Amamuika Kuti?

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume, atatopa kundiona ndikungodya ndi kugona. Ndinali nditalemba mayeso a Fomu 4 kwathu ku Chitala, zotsatira zake n'kukhala zosasimbika pagulu. Malumewo ankapikula usipa kunyanja, ndiye tsiku lina anabwera ndi uthenga woti a Mussa, mnzawo wa ku Lifuwu, akufuna munthu womvako Chingerezi woti aziwayang'anira shedi ya magemu. Ndinanyamuka ndi kachikwama kamodzi. Kusambira sindinkadziwa, ndipo mpaka lero sindidziwa.

Shediyo inali ya malata, kuseri kwa mathandala oyanikapo nsomba. Munali matiivi awiri, makina a gemu awiri, mapadi oseweretsa gemu omangamanga ndi selotepi, batire yaikulu ndi inveta yopereka moto wa batire ku matiivi. M'mawa ndinkakwera padenga kukapukuta sola, chifukwa fumbi ndi zitosi za mbalame zimadya moto. Kenako kuthothola mchenga m'mabatani a mapadi ndi mswachi wakale, kupemerera fani ya makina, ndi kuona mawaya ngati makoswe sanalume. A Mussa anandipatsa lamulo limodzi: "Ukamva inveta ikulira, zimitsa tiivi imodzi. Ukandiphera batire, ubwerera kwanu wapansi."

Makasitomala anga ambiri anali alovi, anthu ogwira ntchito m'maboti a eni ake. Ankabwera masana akapuma, manja akununkha nsomba, n'kumakanganirana gemu ya mpira. Munthu akagonja ndinkakuwa kuti, "Wafa! Wotsatira!" ndipo shedi yonse inkaseka. Mawuwo ndinkawakonda kwambiri, chifukwa ndi pokhapo pamene mwana wakumtunda ankalamula anthu akunyanja.

Panali gemu ina imene aliyense ankaithawa. Munthu wako amagwera pa dziko la madzi okhaokha, n'kumakhala m'kaboti kotsekeka koyandama. Ntchito yake ndi kubira pansi kukatola zitsulo ndi chakudya, ukuyang'ana kachizindikiro ka mpweya pakona pa sikirini. Mpweya ukatha, sikirini imada, kenako umadzuka m'kaboti muja uli bwinobwino. Amene ankaisewera anali mmodzi yekha, a Adamu, bambo wa ana awiri. Ntchito yawo inali yomweyo. Chilimira, ukonde waukulu wa utaka uja, chikakodwa m'miyala pansi pa nyanja, ankaitana iwo kuti abire akachimasule. Analibe botolo la mpweya, ankangodalira chifuwa chawo ndi mpeni m'chiuno.

Ankasewera akunyoza. "Madzi oyera chonchi anawaona kuti opanga gemuwa? Nsomba zoyaka ngati tochi? Pansi pali mdima, iwe wakumtunda. Makutu amapweteka ngati wina akukhomamo msomali." Koma mawa lake ankabweranso. Ndikuganiza kuti chimene chinkawakoka n'kudzuka kuja.

Ine ndinkakonda kuwerenga za kuthambo pafoni, makasitomala akachepa. Tsiku lina ndinawauza kuti maiko a madzi okhaokha si a m'gemu mokha. Akatswiri a zakuthambo amaganiza kuti alipo enieni, ozungulira nyenyezi zina. Palibe amene anawaona ndi maso. Amangoyeza kukula ndi kulemera kwake, n'kuona kuti ndi opepuka kuposa mwala, ndiye amati mwina ndi madzi. Koma si madzi a m'gemu, okhala ndi mchenga pansi ndi zomera zokongola. Akuti akhoza kukhala akuya mwakuti kulemera kwa madzi a pamwamba kumafinya a pansi mpaka kuuma ngati ayezi, chikhalirecho akutentha. Kulibe chilumba, kulibe gombe, kulibe poponda.

A Adamu anaika padi pansi. "Dothi kulibe ngakhale lodzaza dzanja?"

"Kulibe."

"Nanga munthu akafa kumeneko amamuika kuti?"

Ndinaseka, n'kunena kuti kulibeko anthu. Iwo sanaseke. Anati dziko lopanda manda si dziko, n'kutola padi yawo.

Zinachitika m'nyengo ya mphepo ya mwera, m'mawa dzuwa litakwera kale. Ndinali padenga ndi sanza yanga pamene ndinaona anthu akuthamangira kugombe. Chilimira cha bwana wina chinakodwa kutali, a Adamu anabira koyamba n'kutuluka, anabiranso n'kutuluka. Kachitatu sanatuluke. Anzawo anakoka chingwe chimene anabira nacho, chinabwera chokha.

Asilamu sachedwetsa maliro. Munthu akamwalira amamusambitsa, kumukulunga mu sanda, nsalu yoyera ya maliro ija, kumuswalira, komwe ndi kumupempherera, n'kumuika tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Ndipo anthu akunyanja amakhulupirira kuti nyanja imabweza munthu wake. Ndiye pamene maboti ankakoka mbedza pansi kufunafuna, ena anapita kumanda n'kukumbiratu dzenje, kuti thupi likangofika lisadikire. Sanda anagula. Jeneza, chonyamulira maliro chija, analitulutsa mumzikiti n'kuliika pamthunzi. Zonse zinali zokonzeka kupatula mwini wake.

Mwera sunaleke. Masiku anapita, maboti akuyenda m'gombe monse mpaka m'mabango, osapeza kanthu. Dzenje lija linangokhala kukamwa yasa, mphepo ikugwetseramo mchenga. Ndinauza a Mussa kuti kwathu ndinamvapo zoti thupi likasowa amaika thunthu la nthochi m'malo mwake. Anandiyang'ana moipa. "Ife sitinamiza dothi. Tsegula shedi, anthu asangokhala kugombe kumayang'ana madzi."

Ndinatsegula, koma sanabwere munthu. Cha m'ma adhuhuri, nthawi ya pemphero la masana, amuna atapita kukaswali, pakhomo panaima mayi atafunda nsalu kumutu. Anali a Mariamu, akazi a Adamu. Munthu wamayi ndinali ndisanamuonepo m'shedi muja.

"Achimwene, akuti bambo a Shakira ankabwera kuno kudzalowa m'madzi ena. Mundionetse."

Ndinafuna kunama kuti batire yatha, koma sola inali ikumwa dzuwa poyera. Ndinayatsa inveta, tiivi, makina. Gemu ya a Adamu inali yosungidwa pomwe anaisiyira. Munthu wawo anali chiimire m'kaboti muja, madzi akuwala pawindo.

"Ndi iwowo?"

"Ndi amene ankamuyendetsa."

Anakhala pabenchi n'kutambasula manja, ndinawapatsa padi. Sankadziwa mabatani. Anangokankha kamtengo kakumanzere kutsogolo n'kukagwira osasiya. Munthu uja anatuluka m'kaboti, n'kuyamba kutsika. Anadutsa nsomba zoyaka zija, anadutsa miyala. Kachizindikiro ka mpweya kanayamba kufiira. Ndinati, "Mayi, mukwere, dinani apa," koma sanandimve, kapena sanafune. Sikirini inada.

Pakamwa panga panali patazolowera. Mawu aja akuti "Wafa!" anafika pa lilime, ndinawameza ndi malovu omwe. Ndinachita mantha ndi ine mwini.

Kenako sikirini inayera, munthu uja ali chiimire m'kaboti, wouma, mpweya wodzaza. A Mariamu anayang'ana nthawi yaitali.

"Amabwerera chonchi nthawi zonse?"

"Nthawi zonse."

"Ngakhale apite pansi bwanji?"

"Ee."

Anaika padi pabenchi mosamala ngati dzira. "Amene anapanga zimenezi sanadikirepo munthu pagombe," anatero, n'kutuluka. Sanalire. Ndinalira ndine, nditatseka chitseko, inveta ikulira pambali panga osaizimitsa.

Thupi silinapezeke. Shehe anaitana anthu, anaswalira a Adamu popanda thupi, jeneza n'kulibwezera mumzikiti. Dzenje silikanakhala lotsegula mpaka kalekale, mbuzi ndi ana akanagweramo. Ndinapita nawo kokwirira, ngakhale sindine Msilamu, ndipo palibe anandiletsa. Ntchito yokwirira dzenje lopanda munthu ndi yopepuka kumanja, koma palibe amene ankayang'ana mnzake. Sanda ija a Mariamu anaisunga.

Ndinagwirabe kwa a Mussa mpaka mvula itayamba, kenako ndinapeza ntchito yokonza mafoni ku Salima. Chimene ndinatengako n'chakuti amene wakhala pabenchi ndi padi m'manja ali ndi moyo umodzi, ngakhale wa pasikirini ali nayo yambirimbiri. Kuyambira tsiku limenelo wogonja ndinkangomuuza kuti nthawi yatha.

Za kuthambo ndimawerengabe. Ndikaona kuti apeza pulaneti lina limene akuliganizira kuti ndi la madzi okhaokha, anthu amalemba pansi pake kuti n'zokongola, akanakonda kupitako. Ine ndimamva funso la a Adamu lija, limene ndinaliseka. Yankho lake tsopano ndikulidziwa, ndipo sindinalipeze pafoni. Samuika. Akazi ake amangopinda sanda n'kuisunga m'sutikesi.