Nthenda Imene Inaonekera Kumbuyo Kwanga

Msana unayamba kuwawa mu Epulo, nthawi yokolola kuno ku Bundabunda. Sininauze munthu. Ana a mlamu wanga akhala akusirira munda umene anasiya malemu amuna anga, ndipo ninadziwa kuti akangomva kuti nagona, malire asuntha. Ninali kuonda, thukuta kunyowetsa zofunda, koma tsiku lililonse ninali kukwera pachulu kuti anione nili chiimire.

Ine sinilola kujambulidwa nkhope. Chithunzi chimayenda, sudziwa chikagwera m'manja mwa ndani. Mdzukulu wanga Esinati, amene agwira nchito ku Lusaka, adziwa zimenezi, ndiye ananijambula mobisa kumbuyo nili pachulu paja. Akuti chinakongola: nkhalamba ikusinkhasinkha, mapiri ali patsogolo pake. Kusinkhasinkha chiyani? Ninali kulonda malire.

Mu Juni mwendo wamanzere unachita dzanzi, kenako unayamba kukokera pansi. Mumtima ninati basi, chithunzi chija chafika kwa adani. Ninaitanitsa Esinati kuti achifafanize ine nikupenya. Iye anayamba wachikulitsa pafoni. Ninaona mayi wopendekera mbali imodzi, chotupa chitatukula bulauzi pakati pa msana. Ine amene nimaona nkhuku ya eni ikalowa m'munda, msana wanga ninali nisanauonepo.

Kukiliniki ananitumiza kuchipatala ku Chongwe. Ine ndi Esinati tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mwendo uli zii. Atanena zonijambula ndi makina, ninakana. Nesi wina anati, "Ambuya, nkhope yanu sitiifuna, tili nazo zathu. Tifuna mafupa chabe." Ninalowa.

Adokotala anati ni TB ya mafupa a msana. Ninafunsa ngati chithunzi chija ndicho chinaibweretsa. Anati, "Chotupa ichi chinayamba kale, foni inangochipeza. Mukanachedwa pang'ono, miyendo yonse ikanafa."

Mapilisi ninamwa m'mawa uliwonse pafupifupi chaka. Mkodzo utafiira ninaganiza kuti anipatsa poizoni, ngakhale nesi anali atanichenjeza kuti zidzatero. Ninapirira. Mvula inanipeza nili pamphasa, ndipo azimayi a kutchalitchi ndiwo anabzala munda. Ninali kuwasuzumira pakhomo.

Lero niyenda ndi ndodo, dzanzi linatha, chotupa chinatsala chaching'ono. Tsiku loyamba kuyenda ninazungulira malire onse nekha. Ali pomwe anali. Chimene chikanatayitsa munda ni kubisa kwanga komwe, chifukwa wopuwala sakwera pachulu.

Anzanga, msana ukawawa osaleka, mukuonda, pitani kuchipatala miyendo ikali kumvera. Ndipo pezani munthu mmodzi, mmodzi chabe, woti azikuonani kumbuyo. Chithunzi chija ninalola kuti chikhale. Koma nkhope, Esinati akali kupempha.