Tizipewa ta pa Chingwe cha a Lyson

A Lyson Kamwendo ndi munthu wosachotsa pulasitiki pa chinthu chatsopano. Rimoti ya TV ya kunyumba kwawo ku South Bend, kutsidya kwa nyanja, ikadali m'kajumbo kake. Kuchipatala kumene amatsuka zida za opaleshoni amawatama kuti ndi wosamala, koma akazi awo a Chrissie amangoti, "Bambo a Atupele, tidzafa tisanakhudzeko katundu wathu yemwe."

Chuma chawo chachikulu ndi ampulifaya yakalekale ndi masipika awiri ofika m'chiuno, zimene zavinitsa Amalawi pa zinkhoswe zosawerengeka.

Mu 2016 bambo awo a Chrissie anamwalira ku Ntcheu. A Chrissie anali oyembekezera, mwezi uli pafupi, ndege sakanakwera. Chinkawadya mumtima n'choti mayi awo awaona ngati mwana wotaya kwawo. Kenako kunabwera fulashi ya vidiyo ya maliro, ndi uthenga woti kumapeto kwake mayiwo alankhula mawu opita kwa mwana wawoyo. Koma pa TV mawuwo ankangolira ngati udzudzu. Kuti alumikize ku ampulifaya, TV yamakonoyo inalibe timabowo tofiira ndi toyera tija. A Lyson anagula kabokosi kotembenuza mawu a TV kuti makina akale awamve.

Loweruka masana a mpingo anabwera kudzapepesa, ena kuchokera ku Indianapolis, ulendo wa maola atatu. A Lyson analumikiza zonse, nayatsa. Zithunzi mbee, mawu zii! Anazula, nabwezera, thukuta lili kamukamu. Chingwe chochokera ku TV chinkangolowa theka n'kugwa. Pa TV bokosi la maliro linatsikira m'manda mwakachetechete, ndipo a Chrissie anayamba kusisima. Manyazi anawagwira bambowa osati pang'ono.

A Sophia, namwino wa ku Indianapolis wosadziwa kubisa mawu, anatola chingwecho n'kuchiyang'anitsitsa.

"Achimwene, kodi tizipewa iti mukutisungira ndani?"

Kunsonga zonse ziwiri kunali tizipewa ta pulasitiki timene chingwecho chinachokera nato kusitolo. Chingwe chimenechi chimayendetsa mawu ndi kuwala, ndiye kuwalako kukanadutsa pati?

"Ndimayesa n'toteteza," anatero a Lyson.

"Kuteteza mawu kuti asatuluke, eti?"

Anativula. Chingwe chinalowa kuti thapu, masipika n'kutsokomola. Pa TV panali mayi aja atakhala pamphasa, duku lakuda kumutu, ndipo mawu awo anadzaza nyumba yonse.

"Chrissie mwana wanga, usadzizunze. Bambo ako ananena okha kuti usayerekeze kukwera ndege ndi mdzukulu wawo. Taika bwino. Iwe ungondiberekera bwinobwino."

A Chrissie analira mokweza, kulira kwa munthu amene watula katundu. A Lyson anapumira m'mwamba, nakhala pansi pomwepo pambali pa sipika.

"Bwezeraninso, bambo a Atupele," anatero a Chrissie. "Ndimvenso."

Anabwezera kanayi. Tizipewa tija ali nato mpaka lero, m'kabati, mu envulopu.