Maboti a Ababa Atakwera pa Intaneti

Ababa akhala akukhoma maboti a matabwa kuyambira ine ndisanabadwe, koma sankalemba dzina lawo pa boti ngakhale limodzi. Ankati msodzi wodziwa ntchito amazindikira mmisiri pongoyang'ana mphuno ya boti. Kwathu ku Lungwena zimenezi zinali zoona. Koma asodzi odziwa mphuno aja anayamba kukalamba, ndipo ana awo ankagula maboti kulikonse kumene aona pa foni. Inafika nthawi imene ababa ankangokhala pansi pa mtengo wa mango, n'kumanola kasemasema wopanda chosema.

Ine ndinkagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Nkopola. Alendo ambiri ankandiuza kuti atipeza pa intaneti. Tsiku lina ndili pa tchuthi kumudzi ndinawauza ababa kuti ndikufuna kuwapangira webusayiti.

"Chimenecho n'chiyani, mama?" anandifunsa. Amanditchula choncho chifukwa ndinatenga dzina la mayi awo.

"Ndi ngati sitolo, ababa, koma ya pa foni. Munthu ali ku Makanjira kaya ku Nkhotakota akhoza kuona maboti anu."

"Ndiye panga. Koma undijambule nditavala chipewa cha Ijumaa."

Kupanga masamba sikunandivute kwenikweni. Ndinajambula maboti, manja a ababa akutseka mipata ya matabwa ndi thonje, ndi iwowo ataima chilili ngati msilikali. Chimene sindinkadziwa n'chakuti webusayiti imafuna pokhala. Imasungidwa pa kompyuta ya kampani ina, kompyuta yosazima, kuti aliyense aipeze nthawi iliyonse. Nditafufuza ndinapeza malo ena osungira aulere. Ndinasangalala, n'kuika zonse pamenepo.

Lachisanu lotsatira ababa anabwereka foni yanga, poti yawo ndi yongoimbira, kuti akaonetse anzawo akatuluka mu mzikiti. Anabwera atakwinya nkhope, koma m'maso mukuoneka kuti akubisa chiseko.

"Mama, wandilowetsa liti njuga?"

Ndinalanda foni ija. Pamwamba penipeni pa chithunzi chawo, pamwamba pa chipewa choyera chija, panali chithunzi cha mpira chikuthwanimathwanima, ndi mawu oitanira anthu kubetcha. Malo aulere aja ankaika malonda awoawo pa masamba a anthu. Ine ndinali ndisanazione chifukwa malondawo ankasinthasintha.

"Ashehe aona zimenezi?" ndinafunsa manja ali m'kamwa.

"Ndi amene anayamba kuona! Akuti, achimwene, maboti akakanika bwerani tikambirane, osathamangira za haramu. Anthu aseka mpaka wina kutsamwa."

Apa nawonso analephera kudzigwira. Tinaseka tonse mpaka misozi. Kenako anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Chaulere chili ndi mwini wake. Pezako malo ena."

Ndinasankha makampani atatu oti ndiwayese. Ine ndinkayang'ana zimene ndinawerenga, monga kukula kwa malo ndi chitetezo. Ababa anali ndi funso limodzi lokha: "Zikavuta, ukaimba foni amayankha ndani?"

Kampani yoyamba inali ya kunja, ndipo inalibe nambala yoti n'kuimba. Yachiwiri foni inkangoitana. Yachitatu, ya ku Blantyre, anayankha mayi wina wa mawu odekha. Ndisanamalize kufotokoza, ababa anatambasula dzanja kuti ndiwapatse foni.

"Pepani amayi, ine ndine mwini wa maboti. Kodi magetsi akazima kwanuko, maboti anga azimanso?"

Mayi aja anaseka, n'kufotokoza kuti makompyutawo ali ndi magetsi ena apadera, ndiponso kuti zithunzi amazisunga pawiri kuti zisatayike. Atamva kalankhulidwe ka ababa anawalonjera m'Chiyao, poti agogo awo anali a kwa Mponda. Basi, nkhani inatalika. Anakambirana za mibadwo, za mvula, za kuchepa kwa chambo. Atadula foni ababa anati, "Amenewa ndi anthu."

Ine sindinafune kusankha chifukwa cha moni wokha. Kampaniyo inandilola kuyesa kwa masiku angapo, choncho m'mawa wina ndinapita kugombe nthawi imene asodzi amakocheza ndi usipa. Kumeneko netiweki imachita kufunafuna. Ndinkapempha aliyense amene anali ndi foni kuti atsegule tsambalo. Linkatseguka, koma zithunzi zinkatsika pang'onopang'ono, kuyambira chipewa, kenako mphumi, kenako n'kuima. Msodzi wina anati, "Achemwali, bandulo yanga ithera pa ndevu za abambo anu." Ndinawaimbira mayi a ku Blantyre aja ndili pomwepo, ndipo anandiphunzitsa kuchepetsa kulemera kwa zithunzi. Mawa lake tsamba linkatseguka msanga ngakhale pa kafoni kosweka galasi. Pamenepo m'pamene mtima wanga unakhazikika, ndipo tinakhala pa kampani imeneyo. Adiresi ya webusayitiyo tinasankha yaifupi, yoti munthu akhoza kuitchula pakamwa osalakwitsa.

Kenako kunangoti zii. Pa webusayiti pamakhala poonera anthu amene alowa, ndipo masiku ambiri wolowayo ndinali ine ndemwe. Ndinatumiza adiresi m'magulu onse a pa foni amene ndinalimo, mpaka m'gulu la anzanga a kusukulu anandipempha kuti ndipumeko. Ndinasindikiza timapepala n'kusiya m'masitolo ogulitsa maukonde ku boma. Pepala lina ndinalipeza atakulungira zitumbuwa.

Nditawadandaulira ababa, analoza boti limene ankalikonza.

"Mapepala ako amakhala malo amodzi," anatero. "Maboti anga amayenda. Kagule penti."

Munthu amene ankakana kulemba dzina pa boti anagwira yekha bulashi. Sadziwa bwino zilembo za kusukulu, anaphunzira za ku madarasa, choncho ine ndinkalemba ndi choko, iwo n'kumatsatira ndi penti yofiira, lilime lili panja. Asodzi amene anali ndi maboti awo akale anawapempha kuti abwere nawo, awapakire phula mwaulere, bola alole kuti alembepo adiresi ya webusayiti. Pasanapite nthawi adiresi yathu inali ikuyandama panyanja, ikukocheza m'magombe amene ine sindinafikeko.

Foni yoyamba inalira ababa akudya mango. Anali mayi wa ku Makanjira, wogulitsa nsomba zouma. Ananena kuti watopa kudikira nsomba za m'maboti a anthu, akufuna lake. Anaona zilembo zofiira pa boti lina limene linathawira mwera pagombe lakwawo, ndipo anazilemba pa mkono. Chimene chinamukopa, iye anatero, ndi kakanema kosonyeza ababa akukhomera thonje pakati pa matabwa mosathamanga.

"Munthu wosafulumira chonchi sangandimize," anatero pa foni.

Ababa anavomera ndi mawu aulemu kwambiri, ngati akulankhula ndi nduna. Atadula anaimirira, n'kuvina pang'ono ndi mango ali m'manja, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita.

Boti limenelo analikhoma ndi mtima wonse. Mayi uja anabwera kawiri pa njinga yamoto kudzaliona, ulendo wachiwiri atatenga thumba la utaka wouma la mphatso. Tsiku lolitsitsira m'madzi ndinapempha tchuthi ku ntchito. Amuna a m'mudzi analikankha pa mitengo yogubuduza akuimba, ndipo litangoyandama mayi uja analowa m'madzi ndi chitenje chomwe, akululutira. Anakana kuthandizidwa kukwera. Anadzikoka yekha, n'kukhala kutsogolo, manja atagwira mbali zonse ziwiri.

Ine ndinkajambula kuti ndikaike pa webusayiti, koma ndinkadumphadumpha ndi chisangalalo moti zithunzi zambiri zinatuluka zopendekeka. Ndinaziikabe momwemo. Ababa anaima m'madzi ofika m'mawondo, akuyang'anitsitsa m'kati mwa boti ngati mukulowa madzi. Munali mouma. Anati "Alhamdulillah" chapansipansi, kenako anatembenukira kwa ine n'kundiuza kuti ndifulumire, chifukwa foni yawo inali ikuliranso m'thumba la malaya amene anawasiya pamchenga.