Malawi Atavomereza Dziko la Mnzanga

Nditamaliza sukulu ku Birmingham ndinapeza ntchito yoyeza magazi pachipatala chachikulu cha ku Walsgrave, ku Coventry. Sindinasamuke, chifukwa lendi ya kachipinda kanga inali yotheka ndipo anzanga a ku Malawi anali pafupi. Ndinkakwera sitima kenako basi tsiku lililonse, mpaka mtsikana wina wogwira ntchito ku famase, kogawira mankhwala pachipatalapo, atandipeza pasiteji mvula ikundikhutulira. Anati nayenso amakhala ku Birmingham komweko, ndizikwera nawo galimoto yake.

Anali wamsinkhu wanga, wokonda kuseka, wodiraiva ngati akuthamangitsidwa. Tsiku loyamba lomwelo ndinamufunsa kwawo, iye n'kuti ndi Mpalestina. Ndinangogwedeza mutu, pakuti dzinalo ndinkangolimva pawailesi, limodzi ndi miyala ndi mabomba. Ine ndinakulira m'nyumba ya mkulu wa mpingo ku Dedza, m'mene Israyeli anali dziko la Mulungu basi. Boma lathu lakale linali pachibwenzi cha ponda apa nane mpondepo ndi dzikolo. Kuti pali anthu enanso amene amati malo omwewo ndi kwawo, sindinaliganizepo.

Mbiri yake ndinaimva pang'onopang'ono, m'mawa uliwonse pamsewu wa ku Coventry. Makolo ake anachoka ali ana m'mudzi wina wa ku Galileya, ndipo iye anabadwira ku Lebanoni, kumisasa ya anthu othawa kwawo. Ku Palestina anali asanapondeko phazi. Pasipoti analibe, ankayendera kabuku ka othawa nkhondo, ndipo ankati pabwalo la ndege lililonse amayamba amuika kaye pambali. Tsiku lina ndinaona kamtanda m'khosi mwake ndipo ndinalephera kubisa kudabwa, poti ndinkayesa kuti onse ndi Asilamu. Anaseka mpaka galimoto kugwedera.

"Iwe, Chikhristu chinayambira pakhomo pathu," anatero. "Inu ndi amene munachilandira mochedwa."

Chakumapeto kwa 1998 Amalawi tinasonkhana ku Nuneaton, kunyumba ya banja lina limene linkabatiza mwana. Bambo a pakhomopo, dokotala, anali atangobwera kuchokera kumudzi, ndipo pofotokoza nkhani za kwathu ananenanso mongodutsa kuti boma lavomereza Palestina kuti ndi dziko. Sanadziwe kuti aponya mwala pachisa cha mavu.

Panali bambo ena achikulire, mkulu wa mpingo wathu ku Birmingham, amene tonse tinkawaitana kuti amalume. Iwo anaika mbale pansi n'kunena kuti tadziitanira tsoka, chifukwa wofulatira Israyeli sadalitsika. Mnyamata wina wochita digiri ya mastazi ya zachuma anati tisalowetsepo Baibulo, galu wamkota sakandira pachabe: boma latsopano likusaka abwenzi atsopano, makamaka Aluya, amene ali ndi mafuta. Mayi ena a ku Zambia, okwatiwa ndi Mmalawi, anati kwawo anavomereza kalekale koma mvula ikugwabe. Anthu anaseka, kupatula amalume.

Sindine wolankhula pagulu, koma ndinapezeka ndayamba kufotokoza za mnzanga uja, za kabuku kake ndi za mudzi umene sanauonepo. Amalume anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa ngati malemba ndikuwadziwa.

"Amalume, mnzangayo amapemphera kwa Yesu yemweyu," ndinatero.

Ana analowa akukuwa m'Chingerezi kuti keke adula liti, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lolemba ndinalowa m'galimoto ya mnzanga uja ngati munthu wonyamula mphatso. Ndinamuuza zimene boma lathu linachita tisanatuluke n'komwe mumsewu wa kwathu. Maso ali kutsogolo, anandifunsa kuti akati apite ku Malawi mawa, akamulandira ngati nzika ya kuti. Anandifotokozera kuti mapangano a mtendere amene anali m'kamwam'kamwa zaka zimenezo ankakamba za anthu okhala m'dzikomo, koma za iwo a kumisasa ya ku Lebanoni anati adzakambirana m'tsogolo. Chimwemwe changa chinazizira. Ndinamuululiranso zimene ananena mnyamata wa zachuma uja, kuti mwina zonsezi n'zofuna thandizo chabe.

"Palibe boma limachita zimenezi chifukwa cha chikondi," anatero. "Komabe si chinthu chaching'ono kumva kuti kwinakwake, anthu amene sitikuwadziwa atchula dzina lathu."

Sabata yomweyo anaimbira foni bambo ake. Iwo Malawi sankamudziwa, ndipo anafunsa funso limodzi lokha, loti kodi nafenso tinalamulidwapo ndi Angelezi. Atamva kuti inde, anati basi, ndiye kuti anthu amenewo akudziwa kumene mavuto amayambira. Patapita miyezi, msuweni wake wina atabwera kudzaphunzira, bambowo anamupatsira thumba la zitsamba zouma zosinja, zimene kwawo amadyera buledi woviika m'mafuta a azitona. Anati akapatse anthu a ku Malawi.

Mnzanga anandipatsa thumbalo, ine n'kupita nalo kutchalitchi, pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero. Amalume analawa, analawanso, kenako anandifunsa kuti mtsikanayo makolo ake anachokera chigawo chiti. Nditati ku Galileya, anati ndidzabwere naye kunyumba kwawo.

Ndinachita mantha kuti akukamulalikira, koma mnzanga anavomera msanga. Tinapita Loweruka lina masana. Akazi awo, amene tinkawaitana kuti azakhali, anatilandira ndi tiyi ndi masikono, ndipo amalume anatulutsa zithunzi. Zaka zingapo m'mbuyomo iwo anapita ku Israyeli ndi gulu la Akhristu, kukaona malo amene Ambuye anayenda. Anayala zithunzizo patebulo: nyanja ya Galileya, mapiri ouma, mitengo ya azitona, iwo eni ataima m'mbali mwa msewu atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Ankafotokoza monyadira, akutchula malo aliwonse ndi vesi lake, mpaka anazindikira kuti mlendo wawo sakuyankhanso. Mnzanga anali atagwira chithunzi chimodzi ndi manja awiri. Panalibe chachilendo, kaphiri chabe ka miyala ndi tchire.

"Kodi mwana wanga, iwe sunafikeko?" anafunsa amalume.

"Sangandilole, bambo."

Amalume anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Azakhali anathira tiyi wina ngakhale kuti makapu anali asanathe. Potsanzikana, amalume anamuuza kuti chithunzicho atenge, ndipo anatiperekeza mpaka pagalimoto opanda jekete, kunja kukuzizira.

Maganizo awo pa zimene boma linachita sanasinthe. Ankanenabe kuti linalakwa, ndipo ine ndinasiya kutsutsana nawo. Chimene ndinaona n'chakuti m'mapemphero awo aatali a Lamulungu, pambuyo popempherera mtendere wa Yerusalemu, anayamba kuwonjezera anthu onse amene alibe kwawo.

Chaka chotsatira mnzanga anapeza ntchito yabwinoko ku Telford ndipo anasamuka. Tinkaimbirana pa Khirisimasi kwa zaka zingapo, kenako moyo unatitanganitsa tonse. Ine ndinabwerera ku sitima ndi basi mpaka nditaphunzira kudiraiva.