Atate akufuna siteki ya ku Lusaka

Mwaswera bwanji nonse.

Abale anga, Atate andiopsa lero. Pochokera kuntchito masana ano ndawapeza pageti atavala jekete ndi tayi, kachikwama kali m'manja. Akuti akudikira basi ya ku Lusaka kuti akadye siteki.

Mukukumbukira m'ma 1990 muja akamapita kukachonga mayeso? Ankabwera akusimba za malo ena pafupi ndi siteshoni ya sitima, kumene nyama inkafika patebulo ikulirabe pambale yachitsulo. Ife tinkangomeza malovu. Nthuli imodzi ankaikulunga m'nyuzipepala, ulendo wonse mpaka kwathu ku Madzimoyo, kudzapatsa Amayi.

Ndathamangira kubutchala, ndawakazingira nyama yofewa bwino. Angolawa n'kukankha mbale, ati si imeneyo. Chiyambire dzulo sanadye kanthu, pomwe mankhwala awo a shuga aja safuna m'mimba mopanda chakudya.

Achimwene a Yohane, inu muli ku Lusaka komweko, chonde fufuzani ngati malowo akadalipo. Dzina lake aiwala. Musandiuze zoti muli otanganidwa.

Koma chandithetsa mphamvu ndi ichi. M'thumba la jekete ndapezamo nyuzipepala yopindidwa bwinobwino. Nditafunsa, andiyankha kuti, "Ndikakulungiremo ya amayi ako, akudikira."

Chiwaikire m'manda Amayi, chaka chino n'chachinayi.

Ndiye nditani? Ndiwakumbutse, kapena ndiwasiye akakulunge? Yankhani msanga, akadali pakhonde ndi tayi yawo.